Chitenje M'kati mwa Ovolosi

Mlongo wanga Zelipa amatsimphina mwendo wakumanzere. Anthu akamufunsa amangoti anagwa. Sikuti amanama, kungoti satchula kumene anagwa kuchokera, ndipo satchula amene anamugwetsa. Ameneyo ndi ine Lameck, mlongo wake wamkulu, amene mpaka lero ndimakhala patebulo pake n'kumadya ngati munthu wosalakwa.

Zelipa anabwera ku Canada mu 1972, ine nditakhalako kale zaka zitatu. Unamwino anaphunzira kwathu pachipatala cha mishoni, ndipo kuno anapeza ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege. Ine ndinkamanga mipando m'fakitale ya magalimoto ku Oshawa. Zelipa anali munthu wosalankhulalankhula, woti pondipatsa madzi ankagwadabe ngakhale tili m'chipinda cha pamwamba pa mashopu a azungu. Koma poyenda anali wachangu zedi. Okalamba aja, ngakhale osaona bwino, ankamuzindikira ndi mapazi ake akamabwera m'khonde.

Mmodzi wa okalambawo anali msilikali wolumpha m'ndege pa nthawi ya nkhondo. Tsiku lina Zelipa akumumeta ndevu, mkuluyo anamuuza kuti parachuti ikangotseguka kumwambako kumakhala zii, moti umamva galu akuuwa pafamu pansi penipeni. Mlongo wanga anali atatha zaka zinayi ndege zikumulira padenga usana wonse. Mawu amenewa anamulowa mumtima.

M'chilimwe cha 1976 anakwera sitima kubwera kwathu ku Oshawa kudzatsanzika, monga timachitira kwathu munthu asanayambe ulendo. Anagwada n'kutulutsa fomu yoti nayenso akalumphe m'ndege ndi parachuti. Pankafunika dzina la munthu woti auzidwe zikavuta, ndipo kwa iye panalibe funso, mwini mbumba ndinali ine.

Za ngozi anali ataziganizira mofatsa ngati nesi. Anali atapita kale Loweruka katatu kukaphunzira pakabwalo ka ndege kena pakati pa minda, kumpoto kwa Toronto. Anandifotokozera kuti parachuti ya ophunzira imatseguka yokha ndi chingwe chomangirira kundege, ndipo yachiwiri imakhala pamimba. Mphunzitsi wake, mzungu wina dzina lake Douglas, anamuuza mosabisa kuti ambiri ovulala amavulalira pofika pansi, chifukwa choiwala lamulo limodzi: manja pazingwe zowongolera, miyendo pamodzi, mpaka utagubuduka. Anali atalumpha patebulo kambirimbiri mpaka thupi litazolowera.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaopa kuti afa. Ayi ndithu. Funso langa loyamba linali lakuti avala chiyani. Atayankha kuti ovolosi, mutu wanga unaima. Nthawi imeneyo kwathu lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauzi, ndipo bambo athu anali mkulu wa mpingo ku Dedza. Ndinasaina fomu ija, koma ndi lamulo langa pamwamba.

“Kumwambako vala zimene ukufuna, kulibe anthu. Koma pansi pano ndisakuone ndi thalauzi. Ufike utaphimba.”

“Ndamva, achimwene.”

Sanatsutse. Zelipa sanayambe wanditsutsapo, ndipo ine ndinkayesa kuti zimenezo zikutanthauza kuti ndimanena zanzeru.

Kupusa kwanga sikunathere pomwepo. Lamlungu lake, titatuluka m'tchalitchi, pakamwa panandiyabwa, ndipo ndinadzitama kwa a Overtone kuti mlongo wanga alumpha m'ndege. A Overtone ndi amene ankajambula zithunzi paliponse pamene Amalawi ochepa amene tinali kuno takumana, ndipo zithunzi zawo zinkafika kumudzi msanga kuposa makalata athu. Anati abwera ndi kamera. Motero ndinadziitanira ndekha mboni yoti ndiziiopa, kenako n'kuimbira Zelipa foni kumukumbutsa za lamulo lija.

Tsikulo kunali dzuwa ndi kamphepo pang'ono. Zelipa anatuluka m'kanyumba kovalira atavala ovolosi yoyera, chitenje chili m'chiuno. Atafika pomangirira malamba anachivula, chifukwa malambawo amadutsa pakati pa miyendo. Anachipinda bwinobwino n'kuchilowetsa pachifuwa m'kati mwa ovolosi, Douglas atayang'ana kumbali. Ine ndinaona. Ndinamugwedezera mutu kuti wachita bwino.

Kandege kaja kanakwera mpaka kuoneka ngati kambalame. Tinaona kadontho kakugwa, kenako parachuti yoyera inatambasuka. Mtima wanga unakhala pansi. Douglas anali nafe pabwalo, akumulangiza ndi chimkuzamawu kuti akokere uku kapena uko, ndipo Zelipa ankatsatira bwino kwambiri, moti mzunguyo ananditembenukira n'kunena kuti sanakhalepo ndi wophunzira womvera chotere.

Atatsika kufika pamwamba pang'ono pa mitengo, anasiya zingwe. Manja onse awiri analowa pachifuwa. Chitenje chinatuluka, chabuluu cha maluwa achikasu, mphepo n'kuyamba kuchikupiza. Douglas anakuwa mpaka mawu kusasa kuti agwire zingwe, koma iye anali kalikiliki kuchizunguliza m'chiuno, mwendo wina atautambasula kuti achikole nawo. Mphepo inamutengera kumbali, kumene kunali ngalande. Anafikira mwendo umodzi m'mphepete mwa ngalandeyo, ndipo tonse tinamva kuthyoka ngati phesi louma.

Titafika tinamupeza chagada, thukuta lili kamukamu, dzanja litagwirabe mfundo ya chitenje. Sanalire. Anandifunafuna ndi maso pakati pa anthu.

“Achimwene, ndinaphimba bwino?”

Douglas anandifunsa kuti akuti chiyani, nanga nsaluyo inali yachiyani. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti akupempha madzi, ndipo za nsaluyo sindikudziwa. Manyazi a bodza limenelo sanandichokebe mpaka pano.

Mzunguyo anatenga lumo n'kung'amba ovolosi kuyambira kuphazi mpaka pamwamba pa bondo, anthu onse akuona. Anamasula chitenje chija n'kumangira mwendowo kuthabwa. A Overtone sanajambule chilichonse. Kamera inali lende pakhosi pawo, ndipo sankayang'ana Zelipa, ankayang'ana ine.

Kakolo anathyoka pawiri. Anakhala miyezi inayi osagwira ntchito, ndipo atabwerera anamuika patebulo logawira mankhwala chifukwa sakanathanso kunyamula odwala. Okalamba ake anasiya kumuzindikira m'khonde. Msilikali uja anamwalira iye akadali ndi pulasitala, osamva n'komwe mmene zinayendera. Kumudzi tinalemba kuti anaterereka pa madzi oundana, ngakhale chinali chilimwe, ndipo kalatayo ndinalemba ndine. Kubwalo la ndege kuja sanabwerereko. Anapitiriza ntchito yake mofatsa, kuimba kwaya, kundipatsa madzi atagwada, ngakhale kuti tsopano podzuka ankafunika kugwira mpando. Ndinkalakalaka atandikalipira ngakhale kamodzi, koma sanatero.

Pa Khirisimasi ya 1979 tinatsala awiri m'khitchini mwake, iye akutsuka mbale, ine ndikupukuta. Kupepesa kunandikanika, ndiye ndinazungulira. Ndinamufunsa ngati kumwamba kuja kunalidi zii monga ananenera mkulu uja, ngati galuyo anamumva.

Anayankha manja ali m'madzi.

“Mwina kunali zii, achimwene. Ine sindinamve kanthu. Njira yonse ndinkangoganiza kuti chitenje chija ndichimanga bwanji.”

Anandipatsa mbale ina kuti ndipukute.