Mbuna za Atelala a ku Isipingo

Atelala oyandikana nafe ku Isipingo, kudziko la eni kuno, amaweta mbuna, tinsomba takwathu tamawangamawanga, m'thanki yagalasi yomwe amaisamala kuposa makina awo osokera. Madzi amatunga pachitsime cha kuseri, madzi oti sopo satulutsa thovu ndipo ketulo imatuwa mkati. Zimenezo mbuna zimakondwa nazo. Vuto ndi naitireti, zoipa zochokera kuzimbudzi ndi feteleza, zomwe zimapha nsomba mwakachetechete. Wogulitsa nsomba anawauza kuti agule makina osefera, apo ayi aiwale. Iwo anangoviika mbatata pamwamba pa thankiyo kuti mizu izimwa zoipazo, n'kumasakaniza madzi apachitsimewo ndi amvula. Kholowa wake ngakhale akazi awo sathyola, amangomuyang'ana n'kumeza malovu.

Chipolowe chothamangitsa alendo chitabuka mu 2015, alamu awo anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Alamu, basi yakumudzi ikunyamuka mawa. Tinsombati tayani, kunjaku anthu akufa!"

Atelala anapitiriza kupopa madzi akale ndi kapaipi.

"Eish, alamu, tengani achemwali anuwo muzipita. Izi zapirira madzi oipa akuno zaka zisanu ndi ziwiri osathawa. Ndiye ine ndithawe, zindiseke? Gwirani ndowayo bwino, mukutaya."