Bokosi la Achemwali a Wendell

"Chotsa manja ako pa bokosi la achemwali anga, khwangwala iwe! Ulikhudzenso uone ngati zala zimenezo ufika nazo kwanu!"

Wokalipayo anali Wendell Stauffer, wonyamula katundu pa okushoni ya a Landis ku Lancaster. Wokalipiridwayo anali Curtis Boyer, wogula ndi kugulitsa zinthu zamakedzana. Anali kuseri kwa holo ya okushoniyo, poimika magalimoto, dzuwa litangopendeka. Curtis anangoseka n'kumapukuta magalasi ake.

"Mtima pansi, mdala. Nyundo yagwa, bokosi ndi langa. Bwanji undithandize kulikweza m'galimoto, ndikupatse ya khofi?"

Wendell anagwira ntchito pa okushoni imeneyo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sukulu analekeza panjira, koma manja ake anali ndi maso. Akangopisa dzanja kunsi kwa tebulo ankakuuzani ngati thabwa linapalidwa ndi mmisiri wakale kapena ndi makina a dzana. Anthu olemera osonkhanitsa zamakedzana, aja obwera ndi kagalasi kokuzira zinthu m'thumba, ankati akamaliza kugwedeza mitu ndi kuusa moyo patsogolo pa kabati, amamukokera pambali: "Wendell, tatiuza zoona, n'chenicheni chimenechi?" Iye ankangoyankha kuti, "Ine ndine wonyamula, bwana." Pakamwa pake panali loko, ndipo a Landis, eni ake okushoniyo, ankamukondera chimenecho.

Bokosilo linali la achemwali ake, a Arlene, amene anamulera mayi awo atamwalira. Linali bokosi la mkwatibwi la makolo awo, labuluu wofwifwa, lojambulidwa maluwa ndi mbalame ziwiri, chaka cha 1794 chili kutsogolo. Palibe analipentanso chipangidwire, ndipo n'zimene odziwa zinthu amafera: utoto woyambirira, ngakhale wosuluka chotani. A Arlene atagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, panafunika chipinda kunyumba yosamalira okalamba, ija yoyandikana ndi tchalitchi chawo. Wendell anadziguguda pachifuwa.

"Achemwali, bweretsani bokosilo ku okushoni kwathu, tiligulitse. Likusamalirani mpaka tsiku lanu lomaliza. Ndikulumbira."

Koma pa okushoni pali kamwambo konyansa kamene aliyense amakadziwa ndipo palibe amakatchula. Amalonda asanu, Curtis mtsogoleri wawo, akaona chinthu chabwino amapangana kuti asapikisane. Anayi amakhalira manja awo, mmodzi yekha ndiye amakweza, chinthu n'kugwa pamtengo wolira. Akatuluka amakachita okushoni yawoyawo kuseri, n'kugawana phindu lake. Wendell ankazidziwa zonsezi. Ankawanyamulira katunduyo, n'kulandira ya khofi, n'kukhala chete. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku logulitsa, bokosilo linayenera kutuluka madzulo, holo itadzaza. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, ogula akuluakulu atapita kukadya payi kutsidya kwa msewu, a Landis anakodola: "Wendell, tulutsa bokosi lija." Wendell, munthu wamkulu, analinyamula yekha ndi manja ake, n'kuliika patsogolo pa mipando yopanda anthu. Dzanja linakwera limodzi, la Curtis. Nyundo inagwa Wendell asanawongole n'komwe msana. Ndalama zimene zinapezekapo sizikanawasunga a Arlene ngakhale miyezi itatu.

Kuseri kuja sanamumenye Curtis, ngakhale chibakera chinkamuyabwa. Anangolavula pansi n'kubwerera m'holo. Mwezi wathunthu ananyamula mipando, kupereka moni, kuseka nawo. Ankadikira.

Tsiku loonetsa katundu wa okushoni yotsatira, Curtis anabweretsa zake zogulitsa: wotchi yaitali kuposa munthu, kabati, ndi mipando isanu ndi umodzi. Mayi Whitcomb, amene nyumba yawo inadzaza mawotchi akale, anaima patsogolo pa wotchiyo dzanja lili pamtima.

"Taonani mwezi wojambulidwa pankhope pakewo! Wendell, n'chenicheni chimenechi?"

"Mayi, mutuwo ndi wa wotchi ina, thupi ndi la ina," anayankha Wendell mofuula, holo yonse imve. "Anazikwatitsa Curtis m'galaja mwake. Wogwirizira guluu ndinali ine."

Mayi Whitcomb anachotsa dzanja pamtima paja ngati akhudza mbaula. Wendell sanalekere pomwepo. Anagubuduza mpando n'kuonetsa mwendo watsopano wodetsedwa ndi polishi wa nsapato. Anatsegula kabati n'kuloza timabowo ta chifukufuku tobooledwa ndi msomali. Anthu anaunjikana, tigalasi tawo tili m'manja.

"Wapenga mdalayu!" anakuwa Curtis, nkhope itafiira ngati nyama yaiwisi. "Waledzera!"

"Ndaledzera ndi khofi wako yemwe uja, mphwanga. Ukufuna ndipitirize? Ndiwauze za chithunzi cha kavalo chija unagulitsa chaka chatha?"

A Landis anatsika pansanja. "Stauffer, vula epuloni. Ntchito yatha lero."

Wendell anavula, n'kuiponya pamapazi pawo. Kenako anatuluka, anthu n'kumayesa kuti wapita. Anabwerera akukankha njinga ya olumala, a Arlene ali pamenepo, atavala chipewa chawo cha kutchalitchi. Anawaimika pakati pa holo, pamalo pomwe panaikidwa bokosi lawo.

"Ntchito yanuyo idyeni, bwana. Curtis ndi khwangwala, amadya zimene wapeza, ndipo ndathana naye. Koma nyundo munagwira ndinu. Awa ndi achemwali anga, chipinda chija chapita kwa wina, akugona pasofa kwathu. Ayang'aneni kumaso. Ndani anakuuzani kuti mutulutse bokosi lawo anthu ali kokadya? Anakupatsani zingati? Musayang'ane pansi ayi, yankhani pano, anthu onsewa amve!"