Kodi Nkhuku Imakodza?

Chaka choyamba cha uphunzitsi wanga ananditumiza kusukulu ina ya kumudzi, kupitirira Vubwi, n'kundipatsa ana a Giledi 2. Ine ndinakulira m'tauni ya Katete, kuseri kwa msika, ndipo nkhuku ndinkaidziwa bwino ikakhala m'mbale.

Tsiku lina tinali pa phunziro la nyama. Ndinajambula ng'ombe pabolodi, ana akuti ndi galu. Ndinaiika nyanga, akuti tsopano ndi galu wa nyanga. Ndinangopitiriza, kuwauza kuti nyama zonse zimadya, zimapuma, zimabereka ndipo zimataya zoipa za m'thupi.

Kamtsikana kena koguluka mano awiri akutsogolo kanaimika mkono.

"Madamu, nanga nkhuku imakodza?"

Anzake anaseka, kenaka onse maso pa ine. Ndinasanthula buku, munalibe. Kukoleji nako palibe anatchulapo za mkodzo wa nkhuku.

"Funso labwino kwambiri," ndinatero. "Koma asayansi sayankha msanga. Amayamba aona ndi maso awo. Tidzaona mawa."

Ndinkati pofika mawa adzakhala ataiwala. M'mawa mwake kamtsikana kaja kanalowa m'kalasi katakwapatira thadzi lakuda, miyendo yomangidwa ndi luzi.

Ndikanatani? Tinakankhira mabenchi kukhoma, n'kuyala saka pakati, thadzi pamwamba. Mwana wina anati tilipatse madzi ambiri, poti iyenso akamwa kwambiri sachedwa. Tinalithirira m'chivindikiro cha chitini, linamwa. Ana omwe masiku onse ndinkasasa nawo mawu anangoti zii, zibwano m'manja. Wina anasendera pafupi n'kuyamba kuliimbira kamluzu, "swii, swii," monga amachitira amayi pokodzetsa khanda. Thadzi linangomuyang'ana ndi diso limodzi. Linachita chitosi kawiri, koma mkodzo ayi. Atsikana anati likuchita manyazi ndi anyamata, choncho anyamata onse ndinawauza kuti ayang'ane kukhoma.

Ahedi anatipeza tili choncho. Chinawakoka ndi bata lija, poti kalasi yanga inkamveka mpaka kumsewu.

"Madamu, anawa alakwanji?"

"Sanalakwe, ahedi. Ndi sayansi."

Ndinawafotokozera zonse. "Ine nkhuku ndaweta kuyambira ndili mnyamata," anatero pang'onopang'ono, akukanda dazi. Kenaka anakoka benchi n'kukhala nafe.

Dzuwa litakwera tinamva "Odi!" waukali pakhomo. Anali amake a kamtsikana kaja, thukuta kamukamu. Anali atazungulira mudzi wonse kufuna thadzi lawo, mpaka kukalipira galu wa aneba wosalakwa.

"Aphunzitsi, nkhuku yanga yayamba liti sukulu?"

Ndinapepesa n'kuwauza chimene tinkadikira. Anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Ndiye yakodza?"

"Ayi, amayi. Kapena inu munaionapo?"

Kuseka kunatha. Anati mwina imachita ikakhala payokha. Ahedi anati sizingatheke. Anatsutsana pamaso pa ana mpaka belu linalira, mayiwo n'kunyamula thadzi lawo akupukusa mutu.

Loweruka ndinapita ku Vubwi kukagula sopo, ndipo ndinapatukira kwa dokotala wa ziweto. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati ndikufunsa za matenda obisika. Iwo sanaseke n'komwe. Anati nkhuku ilibe chikhodzodzo, zonse zimatulukira pamodzi, ndipo choyera chija chimakhala pamwamba pa chitosi ndiwo mkodzo wake. Ndiye kuti thadzi lija linakodza kawiri tonse tikuona.

Lolemba ndinalowa m'kalasi monyadira, chitosi chili patsamba la mango. Ana anachizungulira, kuloza choyeracho ndi timitengo. Sindinawaonepo atamva phunziro msanga chotero.

Vuto linali lakuti anakaliphunzitsanso kwawo. Sabata yonseyo ankayenda chowerama m'mudzi, timitengo m'manja, kufukula zitosi pabwalo lililonse. Ngakhale alendo akudya, mwana ankathamangira pamphasa ndi tsamba m'manja: "Amalume, taonani mkodzo!"

Lachisanu ndinakumana ndi bambo wina pachitsime, kholo la mmodzi wa ana anga. Anatsika panjinga, navula chipewa, n'kundipatsa moni waulemu.

"Madamu, ana akuphunzira, tikuthokoza ndithu. Koma tsiku limene mudzafike pa nkhumba, chonde mudzatiuziretu. Tidzatseke makola."