Munda Wanga Kumunsi kwa Bwalo

Masiku ano anyamata akamanyadira bwalo la mpira la pasukulu pathu, ati ndi losalala kuposa onse kuno kumapiri, ine ndimangoti zikomo. Mphamvu zotsutsana ndi ana ndilibenso. Koma bwalo akusewerapolo si loyamba ayi.

Loyamba linali chakumtunda, kuseri kwa tchalitchi cha udzu. Zinali zaka zija nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ine ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo. Amuna anga anali mphunzitsi pasukulu ya mishoniyo, ndipo wansembe wachizungu amene ankayang'anira sukuluyo, yemwe tinkangomutchula kuti Abambo, anabwera ndi mpira wachikopa. Vuto linali loti kwathu, cha ku Lobi, malo athyathyathya kulibe. Ukaika dzungu pansi, ukalipeza kumtsinje. Mpira nawo unkatero, ndiye wansembe analamula kuti bwalo lisalazidwe.

Amuna ankakumba chakumtunda, ife amayi n'kumasenza dothi m'madengu kukathira chakumunsi, nyengo yachisanu, mphepo ikuluma makutu. Kumunsi kwenikweniko, kungodumpha mpanda, kunali munda wanga wa nyemba umene anandipatsa amayi nditakwatiwa. Ndiwo za chaka chonse pakhomo panga zinkachokera m'menemo.

Mvula yoyamba itagwa, dothi lonse tinasenza lija linatsetsereka n'kukwirira nyemba zanga zitangomera kumene. Ndinapsa mtima.

"Bambo a mwana, kawauzeni Abambo kuti bwalo lawo lagona m'munda mwanga," ndinatero.

"Mayi, ine ndine wolembedwa ntchito chabe," anayankha amuna anga. "Ndikayambira pati?"

Amayi anzanga kumtondo ankandiseka, ati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Chisanu chitabweranso tinasenzanso dothi, dzinja linalitsitsanso. Ulendo uno madzi anakokolola ndi nthaka yanga yomwe kupita nayo kumtsinje.

Pamenepo ndinati ayi, dothi limeneli landithyola khosi ndekha, silipita kwa achule. Ndinayamba kutola miyala m'phiri n'kumasanja khoma kumapeto a munda, chakumunsi. Palibe anandithandiza. Ndinasiyanso kubzala nyemba ndi mvula yoyamba; ndinkadikira matope atsike kaye, akhazikike, ndiye n'kubzala mvula itayamba kuchepa. Dothi likafika pamilomo pa khoma, ndinkawonjezera miyala ina. Zala zanga zinapindika nthawi imeneyo, mpaka lero sizinawongoke.

Ana atakwana atatu, munda uja unali utadzaza, wosalala ngati mphasa. Nyemba zinkabereka mwakuti anthu odutsa ankaima n'kumaloza. Ndinayamba kugona tulo. Bwalo lakumtunda lija linali litang'ambika ndi zigwembe, ana akathamanga ankabinya miyendo, koma zimenezo sizinali zanga.

Tsiku lina, Pasaka itayandikira, ndikupalira, ndinaona wansembe ataima pampanda. Anayang'ana munda wonse, kumtunda mpaka kukhoma, nthawi yaitali ndithu.

"Mayi, mwagwira ntchito yabwino kwambiri," anatero.

Ine, wopusa ine, ndinagwada n'kuthokoza. Ndinakondwa moti ndinakafotokozera amayi anga.

M'mawa mwake amuna anga anatsikira kumundako atanyamula chingwe ndi zikhomo. Sanandiyang'ane kumaso.

"Pasaka ikatha kubwera ana a sukulu ina kudzapikisana ndi athu," anatero. "Abambo akuti malo oyenera ndi ano okha. Amalume anu avomera kale. Akupatsani malo ena kuseri kwa phiri."

"Kumene kumagwa mbuzi kuja?"

Anangopitiriza kukhoma chikhomo.

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adikire nyemba zikhwime. Anapita kukafunsa, nabwerako ndi yankho loti tsiku linapanganidwa kale, silingasunthe. Sindinalire, sindinatukwanenso munthu. Ndinali nditatopa, kutopa kumene kumafika m'mafupa, mpaka mkwiyo umasowa pokhala.

Anati ana asukulu abwera kudzazula. Ndinakana. Ndinazula ndekha, mzere ndi mzere, nyemba zili ndi maluwa, n'kuthothola masamba ake kukafutsa. Chaka chimenecho ana anga anadya khwanya basi.