Mbaula ya Dalitso pa maliro a Nelia

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti. Mipando tinali titatulutsa, ndipo amayi akutchalitchi anagona mothithikana kuyambira pabalaza mpaka pakhomo. Mvula inali itagwa usiku wonse pa komboni yathu ya Matero. Kwa kanthawi sindinadziwe chimene anthu onsewa ankafuna m'nyumba mwathu, kenako ndinakumbukira. Mkulu wanga Nelia, amene Lolemba anandiimbira foni kundiseka za tsitsi langa, Lachiwiri anagwa ku ofesi osadzukanso. Tsikuli tinali kukamuika m'manda, ndipo mutu wanga unkakanabe.

Nelia anali loya, koma osati wa kukhoti. Abale ankabwera ndi milandu ya mapuloti ndi ya maukwati, iye n'kuwabweza mwaulemu, ena mpaka kumunena kuti ndi wodzimva. Ntchito yake inali ya mapatenti: munthu akapanga chinthu chatsopano, iye ankachifotokoza papepala mwatsatanetsatane n'kukachilembetsa kuboma, kuti wina asachikope popanda chilolezo cha mwini wake. Kuti afike pamenepo anayamba waphunzira uinjiniya, kenako malamulo, kenako analemba mayeso a maloya aja ogwetsa anthu ngati malungo. Amayi ankangoti mwana wawo sakhuta sukulu.

Chinthu chomaliza chimene ankalemba chinali cha pakhomo pathu pomwe. Mlongo wathu Dalitso, wowotcherera zitsulo, anapanga mbaula yaikulu ya mgolo, yoyaka ndi utuchi ngakhale wonyowa, yopanda utsi. Chinsinsi chake chinali mmene mapaipi ankayendetsera mpweya m'kati. Nelia ataiona anagula loko n'kuitsekera m'kashedi kuseri kwa nyumba. Lamulo lake linali limodzi: munthu asaione mpaka mapepala atalowa ku ofesi ya boma, chifukwa chinthu chikaonekera pagulu sichikhalanso chatsopano, ndipo patenti ikhoza kukanidwa. Mapepalawo anali asanalowe. Dalitso, amene amadyetsa ana ake ndi ntchito ya mageti yobwera mwa apo ndi apo, mtima wake wonse unali pa mbaulayo.

Nditatuluka panja ndinapeza moto wa azibambo utazima, tenti italendewera ndi madzi. Nkhuni zinali zitanyowa, makala chimodzimodzi, magetsi kunalibe. Amayi ophika ankapemerera mpaka maso kufiira, nyemba zili gwa m'mapoto. Anthu anali atayamba kale kutsika m'maminibasi, ena ochokera ku Kitwe, ena kumudzi. Amalume ankazungulira pabwalo akubwereza kuti sitingaike loya anthu n'kubwerera ndi njala, Matero yense atiseka.

Ndinalowa kukasamba. Potuluka ndinapeza mbaula ya Dalitso ili pakati pa bwalo, moto uli lawilawi, mapoto akuwira. Dalitso anali ataphwanya loko ndi hamala, poti kiyi inali m'chikwama cha malemu. Ndinamukokera pambali n'kumukumbutsa zimene Nelia ananena.

"Ba Nelia benze kukamba bantu ba bizinesi," anandiyankha. "Apa ni pamalilo, si pa maliketi. Ufuna bantu ba sisi bayende na njala?"

Ndinafuna kumukalipira, koma pamaliro sakangana, ndipo amayi ophika anali akuthokoza kale Mulungu.

Azibambo ozizidwa anayamba kusendera kukaotha. Pakati pawo panali anzake owotcherera zitsulo, obwera kudzamupepesa. Wina anafunsa kuti utsi ukupita kuti. Dalitso, amene chiyambire Lachiwiri ankangolankhula mawu owerengeka, anatsegula kachitseko ka m'mbali n'kuyamba kufotokoza paipi iliyonse, misozi ikutsika, akunena kuti mlongo wake yekha ndiye anakhulupirira ntchito imeneyi pamene tonse tinkaitcha misala. Mafoni anakwezedwa m'mwamba. Bambo wina wa shopu yowotcherera ya tsidya la msewu ndinamuona akuyeza paipi ndi zala, milomo ikuyenda.

Dzuwa litatuluka pang'ono, anzake a Nelia a kuntchito anafika, magalimoto awo akutererekera m'matope. Pakati pawo panali mayi wina waimvi, amene anaphunzitsa Nelia ntchito ku kampani ya maloya asanasamukire ku fakitale ya zipangizo za ulimi. Analowa kukagwada kwa amayi, anatuluka, ndipo atafika pabwalo anaima ngati wamenyedwa mbama.

"Iyi ndiye mbaula yamene Nelia enze kulemba?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinavomera ndi mutu. Anayang'ana kachitseko kotsegula, anayang'ana mafoni, kenako anakhala pa kireti ya zakumwa osasamala suti yake yakuda. Anatiuza kuti Nelia anamupempha kuti aone mapepalawo komaliza, ndipo anagwirizana kuti akawapereke sabata yomweyo. Dalitso anafunsa ngati chinthu choonetsedwa pamaliro chimawerengedwa.

"Lamulo siiziba malilo, ba Dalitso," anatero. "Nizathamanga na mapepala, tizayesa. Koma mavidiyo yayenda kudala, siningakunamizeni."

Dalitso anatseka kachitseko kaja pang'onopang'ono, ngati kuti kutseka kukanathandizanso.

Kutchalitchi anawerenga mbiri ya malemu. Atatchula madigiri ake anthu anang'ung'udza modabwa, ena akumva koyamba kuti loya wathu analinso injiniya. Ine ndinkangoganiza kuti chimene iye anachiphunzira zaka zonsezo, ife omukonda tinachiphwanya m'mawa umodzi chifukwa cha nyemba. Zinandipweteka kuposa kuona nkhope yake m'bokosi, ndipo ndinachita manyazi kuti zinali choncho.

Ulendo wa kumanda unayenda pang'onopang'ono, mabasi kutsogolo, lole ya kwaya pambuyo, amayi akuimba atafunda zitenje kumutu. Dothi linali lolemera, linkamatirira kufosholo. Anaitana abale kuika nkhata za maluwa, kenako a kuntchito, kenako a mpingo. Dalitso ataitanidwa anagwada pamtumbira n'kulephera kudzuka, mpaka amuna awiri anamunyamula. Anthu ankati ndi chisoni cha mlongo wake, ndipo sanalakwitse kwenikweni.

Titabwerera tinasamba m'manja pageti, anthu n'kudya. Aliyense anakhuta. Amalume anayenda mutu uli m'mwamba, akulandira mayamiko kuti chakudya chinapsa bwino pa tsiku la mvula chotero. Ochoka ambiri ankadutsira pambaula kukajambula komaliza.

Madzulo nyumba inakhala zii. Tinabweza mipando, amayi anagona atakumbatira chitenje cha Nelia. Dalitso anakokera mbaula ija m'kashedi n'kumanga chitseko ndi waya, poti loko anali ataphwanya yekha. Tinakhala awiri pakhonde.

Kenako magetsi anayaka. Pasanapite nthawi, ku shopu ya tsidya la msewu makina odulira zitsulo anayamba kulira. Dalitso anatchera khutu, monga munthu wodziwa kulira kwa chitsulo chilichonse.

"Ni dilamu iyo bajuba," anatero. Tsidya lija anali atayamba kale kudula mgolo wa mbaula yawo.