Golide wa mng'ono wanga

Wazaumoyo anabaya adada pa chala, nadontheza magazi m'kapulasitiki koyera. Tinadikira. Mizere iwiri yofiira inatuluka. Malungo.

Ndine ndinawabweretsa pa njinga kuchokera kumudzi mpaka kuchipatala cha ku Champhira, zitunda zonse ndikukankha. Mng'ono wanga anatipeza komweko pa galimoto yobwereka, nsapato zake zopanda fumbi. Anali atabwera kutchuthi kuchokera kunja kumene ankaphunzira. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5. Adada anali wosula, ndipo anati mwana mmodzi atsale agwire nyundo. Wotsalayo ndinali ine. Mpaka lero ndimakhoma ndowa ndi mbaula pa Jenda.

Mng'ono wangayo anatola kapulasitiki kaja.

"Adada, mizere iyi mukuiona? Ameneyu ndi golide."

Ndinaseka. "Golide ndi wachikasu. Zitsulo usandiphunzitse, iwe."

"Akulu, golide mukamuchepetsa kuposa fumbi amasintha mtundu. Kuwala kukamugunda amaoneka wofiira. Ntchito yanga ndi yomweyo. Timaumba tizidutswa take, tina ngati timitengo, tina ngati nyenyezi. Tikatiunika ndi kuwala kwamphamvu timanyezimira, ndiye matenda obisala m'thupi amaonekera."

Adada, thupi likunjenjemera, anadzuka pa benchi.

"Ndiye kuti nawe ndiwe wosula?"

"Tingatero, adada."

"Mbwenu basi, dzanja langa linapita kwa uyu."

Adada anapempha kapulasitikiko, nakaika m'thumba la jekete. Pobwerera anakwera galimoto. Ine ndinapalasa njinga yopanda munthu.

Atachira, aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa mizere ija. "Mwana wanga amasula golide. Wanzeru chomene." Ine ndili pomwepo, manja odzaza zipsera za malata. Zaka zonse zimene ndinawapukusira mvukuto sananenepo mawu otero za ine. Ndinkafuna awanene kamodzi kokha asanamwalire.

Ndinaganiza motere. Chitsulo chilichonse chimamvera moto. Ngati golide alimodi, ndimutulutsa ndine, ndimuike m'manja mwa adada, aone wosula weniweni. Ngati mulibe, bodza la mnyamatayo lionekere.

Panali wazaumoyo wina amene ndinamukonzera ketulo. Anandipatsa katoni ya timapulasitiki toyezera malungo timene tinali titatha nthawi yake, toyenera kutayidwa. Anandifunsa chimene ndikachite nato. Ndinati za ntchito.

Ndinatiswa tonse ndi pulayasi, n'kuchotsa timapepala tam'kati. Ndinatiika m'kachitsulo kamene ndimasungunuliramo mtovu. Makala ndinasankha a msuku. Ndinapukusa mvukuto mpaka kachitsuloko kanafiira. Utsi unanunkha moti mayi wogulitsa tomato pafupi nane anasamutsa benchi lake.

"Bambo, mwayamba using'anga?"

Ndinapitiriza kupukusa. Moto utazima ndinasuzumira. Phulusa lakuda, losadzaza ndi supuni yomwe. Ndinalisefa ndi kansalu. Ndinalitsuka m'mbale, monga amachitira okumba miyala. Palibe chinanyezimira.

Ndinakondwa. Sindibisa.

Loweruka ndinapita kumudzi, phulusa lili m'bokosi la machesi. Ndinawapeza awiriwo pakhonde, akukazinga chimanga pa mbaula imene ndinakhoma ine. Ndinatsegula bokosilo patsogolo pa adada.

"Golide wa mwana wanu ndi uyu. Ndawotcha katoni yonse."

Mng'ono wanga analiyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke. Bola akanaseka.

"Akulu, alimo. Koma ndi wochepa kwambiri, diso silingamuone. Ngakhale mukanawotcha ngolo yodzaza, simukanapeza wokwana mutu wa singano."

"Chitsulo chosaoneka si chitsulo."

"Ngakhale ife sitimuona ndi maso. Timamudziwa ndi kuwala kwake."

Adada anagwedeza mutu, akutafuna pang'onopang'ono ndi mano awo otsala.

"Wamva? Moto wako sungamugwire. Uyu amasula chimene iwe sungachione n'komwe."

Kenaka anapisa m'jekete, natulutsa kapulasitiki kawo kaja. Kanali katada ndi thukuta, mizere itayamba kuzilala. Anakapukuta ndi chala, nandipatsa kuti ndiyeze kukula kwake.

"Kakuwonongeka m'thumba. Iwe malata umawadziwako. Undikhomere kabokosi kabwino, kokhala ndi chivundikiro, ndizisungiramo ntchito ya mng'ono wako."

"Yewo, akulu," anatero mng'ono wanga. "Mungakhome kokongola."

Kapulasitikiko ndinakasiya pa mkeka. Ndinadzuka, n'kutenga njinga yanga pamtengo, ndipo ndinaikankha mpaka kumsewu osacheuka.