Odi Pakhomo la Adona

Kwathu ku Nyampande kuli nyumba ya njelwa imene anasiya Mngelezi wina wolima fodya. Makonde mbali zonse, chumuni kutalika kuposa mtengo wa mango. Akuti mkazi wake, adona, mwana anawafela pobadwa, ndiye mpaka lelo amayendayenda m'zipinda kufuna khanda. Mayi wapakati saloledwa ngakhale kuiloza chala. Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinkati ndi nkhani za anthu osowa chochita.

Tsiku lina masana asisi anga matenda anawayamba, mimba yoyamba. Tinawakweza pangolo, ine, amama ndi alamu, ulendo wa kukiliniki. Mvula yamatalala inatipeza panjila, kamtsinje kanadzaza, ng'ombe zinakana kuoloka. Pobisala panalibe, koma nyumba ija.

Asisi tinawanyamula mpaka pakhonde. Ndati ndikankhe chitseko, amama anandimenya dzanja.

"Iwe, unaleledwa kuti? Pakhomo pa eni?"

Anagwada, mvula ikuwakwapula kumsana, n'kuomba m'manja. "Odi, adona! Ndife alendo, tabwela ndi wodwala."

Zii. Asisi akubuula, ine mtima unawila. "Amama, mwana afele pakhonde chifukwa cha odi?"

Sanandicheukile n'komwe. Anaodilanso. Kachitatu, chitseko cholemela chija chinatseguka chokha, pang'onopang'ono. Mphepo? Kaya.

Alamu anatsala panja ndi ng'ombe. M'kati munali mouma, mozizila, monunkha mileme, denga lili kutali ngati la chalichi. Tinayala zitenje pansi.

Mwana anabadwa, wamkazi, koma osalila. Amama anamupukuta, kumutembenuza, kumusisita kumsana, iye ali lobodo.

"Bwanji salila?" anafunsa asisi. Mantha ngati amenewo sindinawamveponso.

Amama anadzutsa mutu n'kuyang'ana pakhomo la chipinda cham'kati, pomwe ine sindinaonepo munthu. Analankhula modekha, ngati kwa mnzawo wa kumpingo.

"Amai, inu ululu wake mumaudziwa. Musalole kuti mwana wanga naye aumve."

Kenaka anaweleamila khandalo n'kuliuzila mpweya m'kamwa. Linatsokomola, linakwinya nkhope, linalila mokuwa mpaka alamu anamva panja mvula ili pakati. Asisi analilandila akulila naonso.

Amama anatembenukila kuchipinda kuja n'kuomba m'manja, ndipo nanenso ndinagwada n'kuomba nao.